Nzama za Amake Wisdom

Malamulo ambiri a dziko lino amabadwira ku Mangochi, ngakhale kuti eni Mangochi amangoona fumbi la magalimoto. Mabwana a ku Lilongwe mutu suwayenda akakhala mu ofesi. Mpaka atsikire kunyanja, adye chambo, m'pamene amamukumbukira mlimi. Ndiye nthawi imene ankakonza lamulo latsopano la mbewu, atasonkhana pa hotela ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, wina anazindikira tsiku lachiwiri kuti m'chipinda monsemo munalibe mlimi. Anatuma galimoto kuti ikasake mlimi. Koma ankafuna mlimi womva Chingerezi ndiponso wokhala ndi jekete, choncho galimotoyo inawoloka Shire n'kubwerako ndi a Macloud Chingwalu a ku Malindi.

A Chingwalu anali mlangizi wa zaulimi wopuma pa ntchito. Khasu anasiyana nalo ali Sitandade 8, koma ankalidziwa bwino, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankauza anthu kagwiridwe kake. Wolima munda wa pakhomo pawo anali akazi awo, a Rose.

Kumsonkhanoko anawapatsa chikwama chakuda, baji yokoleka m'khosi, ndi chikalata cha masamba makumi asanu ndi limodzi. Anayankhula kamodzi kokha. Anaimirira, n'kumanga batani la jekete, nati mlimi watopa n'kugula chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto wofiira n'kumati ndi mbewu. Zinali zoona, ndipo anthu anawomba m'manja kwambiri, makamaka popeza inali nthawi ya tiyi. Bwana wina analemba mawuwo papepala lalikulu la pakhoma. A Chingwalu analiyang'ana pepalalo mpaka msonkhano kutha.

Tsiku limene wailesi inalengeza kuti aphungu avomereza lamulo la mbewu, iwo anali pakhonde. Anaitana akazi awo.

"Mayi a Deborah, mwamva? Ladutsa lamulo lathu lija."

"Lathu ndi yani?" anafunsa a Rose ali kuseri, akupeta.

"Lathu, ife amene tinalilemba."

"Chabwino. Likafika mundiuze, ndiliyalire mphasa."

Sabata yonseyo a Chingwalu anakhalira chikalata cha kumsonkhano chija, magalasi ali pamphuno. Chinkanena za ogulitsa mbewu: alembetse, mbewu yawo iyesedwe, paketi ikhale ndi chizindikiro. Koma iwo anaona kuti lamulo lonenepa choncho, lodyetsa anthu chambo masiku anayi, silingathere pa okala za pamsika. Mbewu yosayesedwa ndi yosayesedwa basi, kaya yadutsa pakauntala kaya yadutsa pampanda. Ndipo ku Malindi mbewu yodutsa pampanda ankaidziwa: nzama.

Nzama kumeneko sizinkagulidwa. Amayi ankangopatsana, atazimanga pa nsonga ya chitenje. Zinali zakuda bii, ndi kadiso koyera, zosiyana ndi zotuwa za pamsika wa pa boma. Wina zikamufumbwa kapena mbuzi zikamudyera, ankapita kwa mnzake n'kukatapako, ndipo mbewuyo sinkatha chifukwa sinkagona m'nyumba imodzi. Panalinso mawu akale akuti nzama amadzala ndi mayi amene anaikapo mwana m'manda. A Chingwalu mawuwa ankawadziwa. Anawalembapo m'malipoti awo kangapo, pansi pa mutu wakuti zikhulupiriro zobweza chitukuko m'mbuyo.

Lamulungu, nthawi ya zolengeza, anapempha mpata kwa abambo ansembe. Anapita kutsogolo ndi chikwama chakuda, baji ili m'khosi.

"Abale anga, monga mukudziwa, boma linandiitana," anayamba choncho, ndipo anaima pang'ono kuti amene sankadziwa adziwe. "Kuyambira tsopano, mbewu yosalembetsedwa isachoke pakhomo kupita pakhomo lina. Ndi lamulo."

Mayi Rachael, nkhalamba ya mu kwaya imene inkayimba patsogolo pa onse ndi mzere umodzi, inakweza dzanja.

"Ndi nzama zomwe, alangizi?"

"Makamaka nzama, mayi. Ndani anaziyesa? Koma musaope. Amene muli nazo ndikulembani m'buku, ndikakuyankhulireni kwa akuluakulu. Timadziwana."

Cholinga chawo chinali chabwino, ndipo ichi n'chimene chimapweteka. Anagula buku lachikuto cholimba, n'kuyenda khomo ndi khomo. Analemba mayina asanu ndi anayi. Kungoti ku Malindi anthu anaphunzira kalekale kuti dzina likalowa m'buku lina la boma limatuluka m'buku lina, ndipo buku limene aliyense ankaliopa kutulukamo linali la feteleza wotsika mtengo. Palibe ananena zimenezo mokweza. Mwezi umenewo m'mudzi monse munangonunkhira nzama: zowiritsa, zachipere, zosakaniza ndi chimanga. Ana anadya mpaka kudana nazo. Pofika mwezi wotsatira, mayi aliyense wa m'bukumo akanatha kulumbira atagwira Baibulo kuti m'nyumba mwake mulibe ngakhale imodzi.

Dzina la a Rose silinalowe m'bukumo. Sikuti a Chingwalu anakondera. Kukhitchini kwawo ankangofika pakhomo, ndipo mtsuko womata ndi dothi umene unali kuseri kwa chitseko sanaufunsepo kuti muli chiyani.

Anadziwa mu Okutobala. Dorika, mtsikana wa nyumba yoyandikana nawo, anaika khanda lake la miyezi inayi. Patatha sabata, m'mawa, a Chingwalu anapeza akazi awo atagwada pa mtsuko uja, dothi atagumula, akupukuta phulusa pa nzama zodzaza dzanja n'kumazimanga pa nsonga ya chitenje.

"Zimenezo zikupita kuti?"

"Kwa Dorika."

"Mayi a Deborah, inu munalipo m'tchalitchi."

"Ndinalipo."

"Ndiye anthu ati chiyani? Ati mkazi wa munthu amene analemba nawo lamulo ndiye woyamba kuliphwanya? Mukufuna kumulowetsa mwana wa eni m'mavuto pamwamba pa maliro? Mutengereni shuga."

A Rose anawayang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani chofufutika. Kenako anamasula mfundo ija, n'kukhuthulira nzama mumtsuko. Zinalira waa, n'kukhala chete.

"Ndamva," anatero.

Anapita kwa Dorika ndi shuga. A Chingwalu anabwerera pakhonde ali okhutira kuti lamulo layambira pakhomo pawo, monga ziyenera kukhalira kwa mtsogoleri.

Mu Disembala a Rose anadzala nzama zawo pakangodya ka munda kakufupi ndi khwawa, kumene ankadzala chaka chilichonse, n'kusiyako pang'ono mumtsuko. Kudzala pamunda pako pomwe a Chingwalu anati lamulo likuloleza. Mu Malichi kunabwera mvula ya namondwe ija, imene aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake. Khwawa linasefukira n'kukwirira kangodya konse ndi mchenga wofika m'mawondo. Khitchini inagwa tsiku lachitatu, khoma n'kuphwanya mtsuko. Pamene madzi anaphwa, a Rose anafukula matope ndi manja, n'kupeza nzama zitafufuma, zina zitatulutsa kamzu koyera n'kuwolera pomwepo.

Zaka zina zikanakhala nkhani ya ulendo umodzi kwa mayi Rachael. A Rose anapitabe. Anayenda makomo asanu ndi anayi, ndipo paliponse anawalandira bwino, kuwapatsa mpando, n'kuwauza maso ali pansi kuti tinadya. Mvula ina itayandikira, anachotsa mchenga pakangodya kaja, n'kuunda mizere yake bwinobwino ngati kale, yopanda chodzalapo. A Chingwalu anati pamenepo pangachite bwino soya. A Rose anati amva.

Masiku omwewo kunabwera Stacey, mlangizi watsopano wa deralo, mtsikana wa njinga yamoto ndi chipewa chachikulu kuposa mutu wake. Anabwera kudzapereka ulemu kwa mkulu wa ntchito, ndipo mkulu wa ntchitoyo anatulutsa buku lija kuti mwanayo aone mmene lamulo amaligwiritsira ntchito kumudzi.

Stacey anawerenga mayinawo, n'kumvetsera nkhani yonse, chipewa chili pamiyendo.

"Koma adadi," anatero mosamala, "ife mmene anatiphunzitsira, nkhani ndi ya ogulitsa. Aja opaka utoto aja. Amayi kupatsana pachibale, ndani angawamange? Ndiponso mbewu zamakolo tikuzisaka. Kukubwera chionetsero pa boma, mabungwe akufuna nzama, mapira, zonsezo. Amayi amenewa ndingawapeze?"

"Pamene tinkalemba ife," anayamba a Chingwalu, n'kuvula magalasi kuti awapukute.

"Mwina zinasintha ku Nyumba ya Malamulo," anatero Stacey, powapatsa potulukira.

"N'kutheka. Aphungu amasintha zinthu."

Njinga itapita, anatenga chikalata chija n'kuchiwerenganso kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Anapezamo ogulitsa, oyesa mbewu, oitanitsa kunja. Sanapezemo mpanda, chitenje, kapena Dorika. Anachibwezera m'chikwama, n'kupita kumene akazi awo ankatsuka mbale.

"Mayi a Deborah, nzama zija. Palibenso kwina kumene zingapezeke?"

"Mukufuna mukalembe?"

"Ndikungofunsa."

A Rose anatsukuluza mbale ziwiri asanayankhe. "Ku Chowe kuli Abiti Latif. Ndinawapatsako kale."

"Msilamu wa ku Chowe munadziwana naye kuti?"

"Kuchipatala."

M'mawa mwake a Chingwalu anavala jekete, n'kunena kuti akupita ku boma pa nkhani za ofesi. Baji anaisiya, atailingalira kwakanthawi. Chikwama chakuda anatenga, chifukwa munthu sangafike kwa eni ali manja lendelende ngati wosochera. Anakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka pamphambano, n'kukwera wina wolowera msewu wa ku Namwera, wokhotakhota m'phiri, iwo atagwira chikwama ndi dzanja limodzi, lina atagwira malaya a woyendetsa mwaulemu wonse umene ukanatheka.

Abiti Latif anawapeza pansi pa mtengo wa mango, akusankha nandolo m'lichero. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mpango woyera, wa maso osafulumira. Analonjerana m'Chiyao mpaka pamene Chiyao cha a Chingwalu chinathera, ndipo sipanali patali.

"Ndabwera pa nkhani ya nzama, mayi. Zakuda zija, za kadiso."

"Nzama kuno kulibe, bwana. Boma linaletsa."

"Anakuuzani ndani?"

"A usipa, okwera ndi njinga kuchokera kunyanja. Akuti ku Malindi kuli bwana wina, ndiye analemba lamulolo ndi dzanja lake. Akakupeza nazo, feteleza iwalani. Munthu wovuta, akuti. Amayenda ndi chikwama chakuda."

Maso a mayiyo anatsikira pa chikwama. A Chingwalu anachikankhira kuseri kwa mpando ndi chidendene. Ndipo, Mulungu awakhululukire, kwa kamphindi anamva kukoma kuti mbiri yawo inakwera phiri lonselo popanda galimoto ya boma.

"Ine sindinabwere kudzagwira munthu. Ndine mwamuna wa a Rose."

"Rose uti?"

"Mayi a Deborah. A ku Malindi, aatali, ali ndi mpata m'mano."

Abiti Latif anaika lichero pansi. "Amake Wisdom."

Dzinalo a Chingwalu anali asanalimve likutchulidwa mokweza kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Wisdom anali mwana wawo woyamba. Anamwalira ndi malungo ali ndi zaka ziwiri, Deborah asanabadwe, ndipo pakhomo pawo dzinalo linapindidwa n'kuikidwa pansi pa sutikesi pamodzi ndi kajuzi kake.

"Ali bwanji amake Wisdom?" anafunsa mayiyo, nkhope itamasuka. "Mayi amene uja. Wanga Saidi anatsirizikira pa chipatala cha mishoni kwanuko, iwo ali pa bedi loyandikana, akudwazika mtsikana wawo. Sitinkadziwana. Patatha sabata ndinangoona munthu akukwera phiri lino wapansi, nzama zili pa chitenje. Anati, dzala izi, manja apeze chochita, ukamapalira uzimutchula. Anati izi ndi za Wisdom, kwa ine zinachokera kwa mayi Rachael, zinali za Petulo wawo, ndipo kwa iwo zinachokera kwa apongozi awo. Anatchula ana asanu ndi mmodzi, ine n'kuwonjezera Saidi. Popereka timatero, kuti wolandira adziwe kuti si woyamba." Anatola kamwala mu nandolo n'kukataya. "Anati pa maliro a Wisdom bambo ake kunalibe, anali ku kosi ku Lilongwe. Ndiye ndinu?"

"Ndine."

Uthenga wa malirowo unawapeza a Chingwalu Lachinayi. Kosi inkatha Lachisanu m'mawa, ndi mwambo wa masatifiketi. Ananyamuka Lachisanu masana. Satifiketiyo ikadali pakhoma pabalaza, m'galasi.

Buku lachikuto cholimba linali m'chikwama kuseri kwa mpando, koma sanafunike kulitsegula. Mayina asanu ndi anayi aja anawadziwa pamtima, ndipo tsopano lililonse linabwera ndi kamanda kake. Maliro ambiri mwa amenewo iwo analipo. Ena anayankhulapo, m'malo mwa ogwira ntchito m'boma.

"Mayi," anatero, "bwana wa ku Malindi uja ndine. Ndinalakwitsa. Lamulo silinena zimenezo."

Abiti Latif anawayang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kolala.

"Wolemba lamulo akuti lamulo silinena."

"Sindinalembe. Ndinangodya nawo chambo."

Mayiyo sanaseke. Anaingitsa nkhuku imene inafika pa lichero.

"Mukanabwera chaka chatha, bwana. Ndinasunga miyezi itatu, ndikubisa m'denga. Kenako bambo a kuno anati tisafere nyemba, feteleza akatidula tidya chiyani. Ndinaphika zonse tsiku limodzi. Ine sindinadyeko." Anatenganso lichero. "Mwana wa mchemwali wanga anaika mwana mwezi wa Juni. Ndinapita ndi sopo."

Anawaperekeza mpaka pamsewu, monga mwa ulemu, n'kuwauza kuti akapereke moni kwa amake Wisdom.

A Chingwalu sanakhotere ku Malindi pamphambano paja. Anawoloka mlatho n'kulowa mumsika wa pa boma, kumene anayenda mizere yonse ya nyemba akufunsa nzama zakuda za kadiso. Wina anati zimenezo n'za kale. Wina anati ayese ku Malindi. Pomaliza anagula zotuwa, zodzaza kajumbo, n'kuziika m'chikwama chakuda pamwamba pa chikalata.

Anafika dzuwa likadali pamutu, n'kupeza akazi awo pakhonde akusoka. Anaika kajumboko pamphasa.

"Ndinapita ku Chowe."

"Ndaona fumbi lofiira m'nsapato."

"Akupereka moni. Akuti moni kwa amake Wisdom."

Singano inaima. A Rose sanadzutse mutu. "Zilipo?"

"Anaphika."

A Rose anamasula kajumbo, n'kutapa nzama zija, n'kuzigubuduza m'dzanja ndi chala chachikulu.

"Stacey akuti lamulo silikuletsa," anatero a Chingwalu. "Ndinawerenga molakwa. Lamulungu ndikanena m'tchalitchi. Izi mukhoza kudzala pakangodya paja, zimera bwinobwino, ndaziona, n'zokhwima."

"Kumera zimera."

"Ndiye chaka chamawa mudzampatsako Dorika."

"Ndidzati zachokera kwa yani? Kwa wa pamsika?"



A Rose ananyamuka ndi kajumbo kaja n'kupita kukhitchini yatsopano, ya malata akale. Nzama zimachedwa kupsa, ndipo a Chingwalu anakhala pakhonde nthawi yonseyo jekete osavula, akumva nkhuni zikuthetheka. Zitapsa, a Rose anawabweretsera mbale yawo ndi madzi osamba m'manja. Mbale ina anaivundikira ndi inzake, n'kuimanga m'kansalu.

"Zophika lamulo lanu likuti bwanji?"

"Silinena kanthu."

"Ndiye ndili kwa Dorika."

Anadutsa pampata wa mpanda, mbale ili m'manja. A Chingwalu anasamba, n'kutapa nzama zingapo. Zinali zofewa, zothira mchere wokwanira. Kutsogolo kwawo, kupitirira bwalo, mizere ya pakangodya inali mbee, yopalidwa bwino, ikudikira mvula.